Kodi Mphatso Imakondweretsa Yani?

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, munthu woima pa chipata cha Mwanza amaona mabasi ochokera ku Johannesburg akufika atalemedwa, ena akukoka ngolo za katundu pambuyo. Adzera ku Beitbridge, ku Harare ndi ku Nyamapanda, awoloka Zambezi pa Tete, ndipo alowa m'dziko lathu kuchokera ku Zobue. M'katundumo muli mabulangeti, mapoto, mawailesi, nsapato ndi zidole za ana. Zambiri mwa izo ndi mphatso za Khirisimasi. Tsono funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu awerengi ndi ine, ndi ili: mwa zinthu zonsezi, ndi zingati zimene zidzakondweretsa ozilandira, ndipo ndi zingati zimene zakondweretsa ozigula okha?

Khalidwe lobwera ndi katundu silinayambe lero. M'masiku a agogo athu amuna ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni atalembedwa ndi Wenela, ndipo ena ankadzera ku Tete kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene kuyambira 1982 umatchedwa Harare. Wobwerera ankamuyesa ndi bokosi lake. Akabwera ndi njinga, jekete ndi galamafoni, anthu ankati uyu ndiye mwamuna. Akabwera chimanjamanja, ankalowa m'mudzi usiku. Motero tinazolowera kuti potsegula katundu maso onse azikhala pa wopatsa. Wolandira sitimuyang'ana kwenikweni.

Ine ndemwe ndinalakwa pa nkhani imeneyi, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kabuku kano.

Ndinakhala ku Joni zaka zitatu osaponda kwathu, kufupi ndi Thambani. Pokonzekera kubwera, ndinaona m'sitolo ina nsapato zachikazi zakuda, zonyezimira, za mtengo wolingana ndi malipiro anga a sabata yathunthu. Ndinaziona m'maganizo amayi atazivala m'tchalitchi, anthu akunong'onezana kuti, "Zimenezo wawagulira ndi mwana wawo wa ku Joni uja." Ndinazigula. Taonani bwino chimene ndinaona m'maganizomo: ndinaona anthu a m'tchalitchi, ndinaona dzina langa, koma mapazi a amayi sindinawaone.

Nditafika, amayi analandira nsapatozo ndi manja awiri, naimba nthungululu, navina pabwalo. Anati, "Mwana wanga, wandiveka ine lero!" Tsiku la Khirisimasi kunagwa mvula usiku wonse. Ananyamula nsapato zija m'manja, nayenda m'matope opanda chovala kumapazi, nakazivalira pakhomo pa tchalitchi. Mapemphero atatha anazivula msanga, ndipo ndinaona kuti akutsimphina. Mapazi awo anali atayamba kutupa ndi ukalamba, koma ine ndinagula poyerekeza ndi mapazi amene ndinawasiya zaka zitatu m'mbuyo. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Anazikulunga m'nsalu, naziika pansi pa bokosi.

Mlongo wanga wamng'ono, amene sanachokepo pamudzi, analibe ndalama zambiri. Iye anabwera ndi kanthu kakang'ono kokulunga m'pepala, kamene anagula pa msika wa pa boma. Anali magalasi owerengera. Amayi anaphunzira kuwerenga atakula kale, ku sukulu ya kwacha, monga ambiri a inu, ndipo ankanyadira kwambiri kutsegula okha buku la nyimbo. Mlongo wanga anaona kuti masiku amenewo ankaligwirira kutali bukulo, atatambasula mkono wonse, ndipo pambuyo pake analeka kulitsegula, namangoimba za pamtima. Atavala magalasi aja anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Aa, zilembo zija zabwera." Sanavine ayi, nthungululu sanaimbe. Koma anawavala tsiku lililonse kufikira imfa yawo, ndipo mwendo umodzi utathyoka anaumanga ndi ulusi.

Apa pali chinthu chimene chimatisokeretsa. Ulemu wathu ndi wabwino, koma umabisa zolakwa za wopatsa. Tinaphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri, kuwomba m'manja ndi kuthokoza, ngakhale watipatsa chinthu chimene sitidzachigwiritsa ntchito. Palibe mayi amene anganene kwa mwana wake kuti, "Nsapato zako zikundiluma." Palibe mpongozi amene angabweze jekete. Chotero munthu angathe kupereka mphatso zolakwika zaka makumi awiri, namayesa kuti ndi katswiri wosankha. Kuvina kwa tsiku loyamba si mboni. Mboni ndi mwezi wa Malichi: pitani mukaone ngati chinthu chija chada ndi manja, kapena chikali chatsopano m'bokosi.

Vuto limeneli si lathu lokha. M'chaka cha 1993 mphunzitsi wa za chuma wa ku America, dzina lake Joel Waldfogel, anafunsa ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede ya Yale za mphatso zimene analandira pa nyengo ya Khirisimasi. Anawafunsa kuti ayerekeze ndalama zimene wogula anataya, ndiponso kuti anene mtengo umene iwo eni akanaika pa zinthuzo. Anapeza kuti mbali ina ya mtengo imatayika, kuyambira gawo limodzi la magawo khumi kufikira gawo limodzi la magawo atatu. Ndiko kunena kuti mutagula chinthu cha K30,000, wolandira angathe kuchiona ngati cha K27,000, kapena cha K20,000 chabe. Koma chimene chinandigwira mtima m'zopeza zake ndi ichi: mphatso zochokera kwa mabwenzi apamtima ndi kwa okondedwa sizinkataya mtengo kwambiri, pamene zochokera kwa achibale akutali, amene saonana kawirikawiri ndi wolandira, ndizo zinkataya koposa. Ine ndinali mwana wobadwa m'mimba mwa amayi, koma zaka zitatu zija zinandisandutsa wachibale wakutali.

Wina adzati, "Ngati ndi choncho, bwanji osangopereka ndalama, munthu akagule yekha chimene afuna?" Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sindiwanyoza. Khirisimasi kwathu kuno imafika pa nyengo yovuta. Ndalama za manachesi, amene Mwanza imadziwika nawo, zinatha kale, pakuti manachesi amapsa m'miyezi yozizira. Nkhokwe zayamba kupepuka. Chimanga cha m'munda chikufuna feteleza wobereketsa, ndipo mu Januwale ana abwerera ku sukulu. Pa nyengo yotere, bambo wa ana asanu mukamupatsa wotchi ya pamkono pamene munda wake wachita chikasu, adzathokoza ndithu, koma usiku adzagona akuwerengera kuti wotchiyo ikanagula ndowa zingati za feteleza. Kwa munthu wotere ndalama ndi mphatso yaulemu, chifukwa zimamuuza kuti, "Achimwene, za pakhomo panu mukuzidziwa ndinu."

Koma ndalama sizichiritsa nthenda zonse. Patsani agogo aakazi ndalama, ndipo muone kumene zidzapita. Mdzukulu uyu alibe kope, uyo akudwala malungo, kuchigayo kukufunika kulipira, mchere watha. Pofika Chaka Chatsopano zatha, ndipo agogo aja sanalaweko ngakhale sikono imodzi. Amayi anga mukanawapatsa ndalama za magalasi sakanagula magalasi. Akanati, "Maso a nkhalamba agwira ntchito yanji?" Alipo anthu amene sadzadzigulira kanthu kufikira kumanda. Otere afunika kuwaikira m'manja chinthu chimene sichingagawike, chokhala chawochawo. Tsono ngakhale funso lakuti ndipereke ndalama kapena chinthu silingayankhidwe ndi munthu amene sanamuyang'ane mnzake.

Ndiponso tisaganize kuti mphatso yabwino ndi yothetsa usiwa yokha. Munthu si mimba chabe. Mwana amene mwamugulira yunifolomu pa Khirisimasi mwamuthandiza, koma iye adziwa kuti yunifolomu mukanagulabe mu Januwale. Chimene wakhala akuchiyang'ana chaka chonse ndi mpira weniweni, pakuti watopa ndi mpira wa mapepala omanga ndi luzi. Nkhalamba ya ku Kunenekude imene wailesi yake inaleka kulankhula chifukwa mabatire anatha, mukaipatsa kawailesi koyendera dzuwa mwaibwezera anzake ocheza nawo madzulo. Namwali amene amasoka ndi singano yobwereka amadziwa yekha chimene chingamusangalatse. Zinthu zotere sizioneka kwa munthu wothamanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali mbali inanso imene opatsa ambiri saiganizira. Timati kupatsa nkuika, ndipo ndi zoona. Koma ngati nkuika, ndiye kuti wolandira wasungitsidwa kanthu kamene tsiku lina adzayenera kubweza. Mfalansa wina wophunzira za miyambo ya anthu, Marcel Mauss, analemba buku la za mphatso m'chaka cha 1925. Iye anaona kuti m'mitundu yambiri ya anthu muli maudindo atatu omangika pamodzi: kupereka, kulandira ndi kubweza. Ifenso tidziwa zimenezi popanda buku. Mayi akatumiza mbale ya mpunga ndi nthuli ya nkhuku kwa mnansi wake pa Khirisimasi, mnansiyo amafunafuna choika m'mbalemo poibweza, kaya ndi mango, kaya ndi mtedza wochepa. Pamenepo onse awiri amakhala olingana, ndipo chibale chimakula. Koma mukapatsa munthu wosauka chinthu chachikulu chimene sangathe kubweza ngakhale pang'ono, makamaka pamaso pa anthu, mwamusenzetsa mtolo. Adzayamba kukupewani panjira. Inu mudzati ndi wosayamika, pamene iye akungothawa manyazi. Ngati mufuna kuthandiza mnzanu ndi chachikulu, mupatseni kuseri, ndipo akabwera ndi dzungu limodzi kudzathokoza, lilandireni ndi manja awiri monga iye analandirira chanu.

Nanga munthu wokhala kutali adziwa bwanji? Afunse. Ambiri timachita manyazi kufunsa, poganiza kuti mphatso yofunsa yataya kukoma kwake, chifukwa wolandira sadzadabwa. Koma kudabwa kumatha pa mphindi imodzi, pamene nsapato yothina imaluma chaka chonse. Safunsa anadya phula. Inde, kufunsa mwini wake mwachindunji kawirikawiri sikuthandiza, mukati, "Amayi, ndikubweretsereni chiyani?" adzayankha kuti, "Ungobwera wamoyo, mwanawe." Ndipo apongozi simungawafunse nkomwe. Koma pakhomo paliponse pali wina amene amaona. Funsani mlongo wanu, funsani mlamu wanu, funsani kamwana kamene kamagona m'nyumba ya agogo. Musafunse kuti, "Akufuna chiyani?" Funsani kuti, "Amadandaula chiyani? Amabwereka chiyani kwa anzawo? Analeka kuchita chiyani chimene kale ankachikonda?" Masiku ano lamya ya m'manja ili pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo mafunso atatuwa sadya ndalama zofika pa mtengo wa botolo la Fanta.

Wina angandifunse kuti, "Kodi mtima wa wopatsa suwerengedwa? Iwe unagula nsapato ndi thukuta lako. Kodi chimenecho si chikondi?" Ndavutika nalo funso limeneli. Ndikhulupirira kuti chikondi chinalipo, ndipo amayi anachiona, nchifukwa chake anavina. Kuvina kuja sikunali bodza. Koma m'chikondi changa munasakanikira kudzikonda, monga mchenga umasakanikira mu mpunga. Ndinkafuna kuti mudzi udziwe kuti sindinapite ku Joni pachabe. Ndipo amayi, pofuna kusunga ulemu wanga, anapirira ululu m'tchalitchi maola atatu. Tsono pa tsiku limenelo anapatsa mnzake ndani, ine kapena iwo?

Otsala pamudzi, amene mulibe katundu wotsika m'basi, musadziyese ochepa pa nkhani imeneyi. Inu muli ndi chimene apaulendo alibe, ndicho maso a tsiku ndi tsiku. Mudziwa denga limene likudontha, ndi munda wa mayi wamasiye umene udzu wapitirira chimanga. Mnyamata amene alawirira ndi khasu pa 24 Disembala kukapalira mizere ya azakhali ake, kuti iwo apume pa Khirisimasi opanda nkhawa, sadzafunsa wina aliyense ngati mphatso yake yalandiridwa.

Amayi atamwalira, tinatsegula bokosi lawo kuti tigawe zovala monga mwa mwambo. Nsapato zija zinali pansi penipeni, m'nsalu yomwe ija, zidendene zake zosadyeka. Azakhali anaziyesa, sizinawakwane. Anaziyesa wina, sizinamukwanenso. Potsiriza anatenga mtsikana wina wa kuchimuna. Magalasi aja mlongo wanga anawapempha, ndipo palibe anamukaniza.

Chaka chatha, mu Novembala, ndinamuimbira lamya mlongo wangayo kumufunsa za amalume, amene tsopano ndiwo mkulu wotsala pa banja lathu. Ndinali nditaona kale chipewa chokongola m'sitolo, ndipo mtima unali utayamba kundikoka. Iye anaseka, nati, "Achimwene, zipewa ali nazo ziwiri. Koma njinga yawo yakhala pakhonde chiyambire Ogasiti, tayala lakumbuyo linang'ambika. Kumsika akupita wapansi." Ndinafunsa kukula kwa tayalalo. Anati sakudziwa, koma atuma mwana akawerenge manambala olembedwa m'mbali mwake.