Liwiro Lenileni Limayambira pa Buleki

Anyamata anzanga a ku Nsaru, inu amene mtima umadumpha mukamva injini ikulira, bwerani pafupi ndikuuzeni. Inenso ndinakulira m'fumbi lomwelo. Galimoto yanga yoyamba inali ya mawaya, matayala ake odula ku mapatapata akutha, chiwongolero chake chotalika mpaka pachifuwa. Ndinkaithamangitsa kuseri kwa zigafa za fodya, pakamwa pakulira ngati lole yokwera chitunda. Anthu ankati ndi chibwana. Chibwana chimenecho ndicho chinandifikitsa, patapita zaka zambiri, pachipata cha bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria ku South Africa, nditavala helemeti, manja ali pachiwongolero chenicheni.

Njira yake sinali yachidule. Ndinayambira m'garaja ya pansi pa mtengo wa mango, kutsuka mabawuti m'beseni la petulo ndi kupatsira sipanala kwa akuluakulu. Ndinamasula injini za zigayo, ndinamata machubu a njinga, ndinagona pansi pa malole onyamula mabelo. Kenako, monga ambiri a kwathu, ndinakwera basi ya ku Joni kukasaka ganyu, ndipo ndinapeza ntchito m'garaja ina kumeneko. Nditasonkhanitsa timarandi, ndinagula Citi Golf yotopa, ija kampani ya Volkswagen inkapanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009. Utoto unali utasuluka, mpando utang'ambika, koma kwa ine inali ngati mkwatibwi.

Maganizo anga oyamba anali ofanana ndi anu. Ndinkafuna ekizozi yobangula, yoti ndikamadutsa anthu azicheuka. Ndinkafuna kuiwonjezera mphamvu injini. Koma m'garajamo munali bambo wina wachikulire wochokera kwathu konkuno, makaniko wa manja okakala ndi mawu ochepa. Atamva zolinga zanga anandigwira paphewa nati, "Mwana wanga, galimoto yosadziwa kuima usaiphunzitse kuthamanga. Yamba ndi mabuleki." Ndinamvera, pakuti safunsa adadya phula.

Miyezi ingapo inatha injini ndisanaikhudze. Tinakhetsa mafuta onse akale a mabuleki n'kuthira atsopano a DOT 4. Bambowo anandifotokozera chifukwa chake: mafuta amenewa amayamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo mabuleki akatentha kwambiri madziwo amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ukaponda phazi limangolowa mpaka pansi ngati waponda phala. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, pamene DOT 3 malire ake ndi 205. Tinaika mapadi atsopano. Tinagula matayala anayi ofanana, osati awa timasakaniza kwathu, lina la uku lina la uko. Tinawongola mayendedwe a mawilo kuti galimoto isamakokere mbali imodzi, tinasintha ma shock absorber amene ankatayikira, tinatsuka redieta, tinathira oyilo watsopano, tinamanga batire kuti lisagwedezeke. Poiyang'ana kunja, galimotoyo sinasinthe ngakhale pang'ono. Koma pansi pake inali itabadwanso.

Tsiku linafika. Sunali mpikisano ayi, linali tsiku limene bwalo limatsegulidwa kuti aliyense wokhala ndi galimoto yabwinobwino aphunzire kuyendetsa mwaliwiro pamalo otetezeka. Ndinafika m'bandakucha, kukuzizira, m'mimba mukubwadamuka. Mbali yanga munali magalimoto a mtengo woti ungagule makola a ng'ombe. Oyang'anira anazungulira galimoto yanga, anagwedeza mawilo, anasuzumira pansi kuona ngati pali chodontha, anandiuza kuti nditulutse chilichonse chosamangika: jeke, mabotolo, ngakhale kapeti wa pansi pa mapazi. Kenako anatisonkhanitsa ife atsopano natiphunzitsa mbendera. Yachikasu: chepetsa liwiro, kutsogolo kuli zoopsa, usapitirire mnzako. Yofiira: zonse zaima, bwererani mosamala. Yabuluu: kumbuyo kuli wothamanga kuposa iwe, mpatse njira. Ya mawanga akuda ndi oyera: nthawi yatha. Ndinadabwa kuona kuti malo a liwiro ndiwo ali ndi mwambo wolimba kuposa msewu uliwonse umene ndinayendapo.

Bwalo la Zwartkops ndi lotalika makilomita 2.4. Ndinalowamo mlangizi atakhala pambali panga. Pamalo owongoka ndinaponda moto mpaka pansi, mtima ukugunda ngati mbalule ya gule. Kona inabwera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinachedwa kugwira buleki, ndinakhotetsa chiwongolero mwamphamvu, matayala analira, galimoto inakana kukhota n'kumangoseseleka kulowera kunja. Thukuta linatsika m'helemeti. Mlangizi sanakalipe. Anangoti, "Maso ako ali pa chimene ukuchiopa. Yang'ana kumene ukufuna kupita. Maliza buleki galimoto ikadali yowongoka, lowa pang'onopang'ono, utuluke ndi mphamvu."

Ndinayesa. Ndinayambira kunja kwa msewu, ndinagwira buleki nthawi ikadalipo, ndinatsitsa giya, ndinadula kona mpaka tayala linapsopsona m'mphepete mwa mkati, kenako ndinamasula chiwongolero n'kuwonjezera moto pang'onopang'ono, galimoto n'kutulukira kunja yokha ngati madzi otsata ngalande. Matayala anakhala chete. Mkati mwanga ndinkaona ngati ndikuyenda mochedwa. Koma wotchi inanena zina: ulendo wodekha uja ndiwo unali wachangu kuposa wa phokoso uja. Pamenepo ndinamvetsa ndi thupi langa lonse zimene agogo ankanena, kuti kuthamanga sikufika, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale potuluka panali phunziro. Umazungulira kamodzi komaliza mofatsa kuti mphepo iziziritse mabuleki. Ukaima sukoka handibuleki, chifukwa zitsulo zotentha zimatha kugwirana. Umayeza mpweya m'matayala akadali otentha, popeza kutentha kumaukweza, n'kuphungulako pang'ono. Madzulo a tsikulo galimoto zina zodula zinali zitaima, mabuleki akufuka utsi. Kagalimoto kanga kosuluka kanamaliza tsiku lonse, n'kundibweza kunyumba ndi mawilo ake.

Tsono ndikubwera kwa inu, achimwene anga a kabaza, ndi inu alongo anga amene mumasirira sipanala koma mumaopa mawu a anthu. Chikondi chanu pa injini si misala. Ndi mphatso, ndipo mphatso imafuna kusulidwa. Lewis Hamilton, amene watenga ukatswiri wa dziko lonse wa Formula One kasanu ndi kawiri, anayamba ndi kagalimoto kakang'ono ka ana ali ndi zaka 8, bambo ake akugwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwanayo apitirize. Jody Scheckter wa ku South Africa anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1979 akuyendetsa Ferrari. Kwa anansi athu ku Zambia, Satwant Singh anapambana ukatswiri wa Africa wa mipikisano ya m'misewu ya fumbi kasanu ndi katatu, pa fumbi ndi matope ofanana ndi athu a ku Kabudula ndi ku Nambuma. Ndipo musaiwale William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anatola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale n'kupanga makina a mphepo opereka magetsi. Onsewa sanayambe ndi phokoso. Anayamba ndi kuphunzira.

Musanene kuti kwathu kulibe bwalo. N'zoona, ku Nsaru kulibe Zwartkops, kulibe Kyalami, bwalo lija la pakati pa Johannesburg ndi Pretoria limene linatsegulidwa mu 1961 ndipo linalandira Formula One komaliza mu 1993. Koma theka la zimene ndinapambana nazo tsiku lija ndinaziphunzira pansi pa mtengo wa mango. Yambani ndi chimene muli nacho. Njinga yamoto imene mukudyerayo, m'mawa uliwonse isananyamule munthu, yang'anani mabuleki, tcheni, mpweya ndi oyilo. Valani helemeti, mumange lamba wake pachibwano. Pezani laisensi. Amene muli ndi mwayi, gogodani ku makoleji a ntchito zamanja monga wa ku Namitete ndi wa ku Lilongwe, funsani za maphunziro a TEVETA. Amene mulibe fizi, pitani kwa makaniko waluso, mugwade pambali pake, mutsuke mabawuti mosanyinyirika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndipo mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani anyamata khumi, mupite kwa amfumu ndi kwa apolisi mwaulemu, mupemphe bwalo la mpira tsiku limodzi lopanda masewero. Ndandalikani matayala akutha, muyesane luso: ndani angazungulire osagunda tayala, ndani angaime pamzere ndendende, ndani angayende mochedwetsetsa osatsitsa phazi. Mudzaona kuti amene amabangula kwambiri pamsika si amene amadziwa kwambiri.

Koma chimodzi ndikupemphani nditagwira mwendo. Msewu wa ku Mchinji si bwalo la mpikisano. Pabwalo onse amalowera mbali imodzi, pali mbendera, pali ambulansi yodikira. Pamsewu pali ngolo yopanda nyali, pali mbuzi, pali mwana wochokera kusukulu, pali mayi wosenza mtolo wa nkhuni amene ana ake akumudikira. Woyendetsa weniweni sadzionetsera pa miyoyo ya anthu. Luso lake limaonekera pa kufikitsa aliyense wamoyo.

Dzukani tsono. Tengani sipanala, tsegulani buku, funsani akuluakulu, sungani kangachepe. Tsiku lanu lidzafika, kaya ndi pabwalo la phula kutali kapena pabwalo limene inu eni mudzalambula kwathu konkuno. Likadzafika, galimoto yanu idzakhale yodziwa kuima, maso anu adzakhale kumene mukufuna kupita, ndipo pokhapo mudzaponde moto.