Mzukwa ukwere pa steji, koma agogo asiyeni

Abale anga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi funso: kodi n'kulakwa kusangalatsa anthu powaopseza?

Ambirife tinakula tikukonda nkhani zoopsa. Magetsi akathima ku Bangwe kapena ku Ndirande, wina ankangoti "Padangotero", ife "Tili tonse", basi mizukwa yayamba kutuluka kumanda. Usiku umenewo kukataya madzi panja kunali kopita awiriawiri, koma mawa lake tinkapemphanso ina. Mantha amenewo ankakoma chifukwa anali ndi polekezera. Nthano ikatha, mzukwa unkabwerera kwawo, ife n'kukagona.

Ndiye ine sindiona vuto wolemba masewero akafuna kutinjenjemeretsa. Makolo athu anayamba kale. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amatulutsa zilombo pabwalo, ana n'kubalalika, koma m'mantha momwemo muli mwambo. Bwalo limene Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza anthu, lija tinkati French Cultural Centre, lero Blantyre Cultural Centre, likhoza kulandira sewero loimitsa tsitsi, ndipo tikiti ndingagule.

Koma taganizani. Mukatseka maso n'kumva mawu oti "mfiti", mukuona nkhope ya ndani? Si bwana wa tayi ayi. Ndi gogo wamakwinya, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, wokhala yekha m'kanyumba kothera mudzi. Nkhope imeneyo tinaiphunzira m'nthano, m'masewero ndi m'mafilimu a ku Nigeria a m'mavidiyo sho. Vuto lake, gogo ameneyu sabwerera kumanda sewero likatha. Ndi neba wathu.

Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufika mu Blantyre momwe muno, anthu osalakwa n'kuphedwa. Lamulo la 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti linalipo, koma silinawateteze. Nkhani yoopsa inathamanga kuposa lamulo.

Wina anena kuti, "Mayi, sewero ndi sewero, wolemba sanagende munthu." Zoona, sanagende. Koma ine ndimagulitsa mumsika wa Limbe, ndipo ndimaona mmene nkhani imayendera. Mmawa imachoka pa benchi ya tomato ili "akuti", pofika masana ku depoti ili "ndaona ndi maso anga". Munthu akapindula pa geni, mawa mumva kuti ali ndi ndondocha. Amene wapatsa mantha nkhope ya munthu wamoyo wanola mpeni, ngakhale wobaya akhale wina.

Apa mpamene mzukwa umaposa mfiti. Mfiti imakutumani kukasaka munthu. Mzukwa umabwera kwa inuyo. Umabwera chifukwa pali chimene amoyo analakwira wakufa: katundu wa ana amasiye amene amalume analanda, ngongole yosabweza, imfa imene anthu anabisa. Mzukwa sungaugende, sungautenthere nyumba. Chimene ungachite n'kukonza zimene unalakwa.

Mantha ali ngati kambuzi. Wophika wodziwa amathira mundiwo, anthu n'kutuluka thukuta akumwetulira. Kambuzi yemweyo m'maso mwa mwana ndi nkhanza.

Choncho alembi a m'gulu muno, tiopsezeni ndithu. Zimitsani magetsi, ng'oma ilire chapansipansi, chitseko chitseguke chokha. Koma amene alowe pachitsekopo akhale malemu bambo, kudzafunsa abale awo kuti nyumba ya ana ija anagulitsiranji. Woonera atuluke akuopa zochita zake, osati gogo wogulitsa mtedza pageti.

Inu mukuti bwanji? Nkhani yoopsa imene simuiiwala mpaka lero, yoipa inali nkhope ya ndani? Tikumane m'makomenti.