Kodi Mtukula Pakhomo ndi kulera ulesi?



Lachisanu lapitali titachoka ku Jumu'ah tinakhala pagombe ku Senga Bay, tikuonerera anyamata akusoka chilimira. Mnzanga wina anati: "Ife tikugona panyanja usiku wonse, ena akungolandira za Mtukula Pakhomo atakhala. Chilungamo chake n'chiti?" Sindinamuyankhe, koma funsoli landisowetsa tulo.

Ndinakumbukira agogo ena a kwathu. Mwana wawo anamira ndi mwera, n'kuwasiyira adzukulu anayi. Miyendo yawo inatha, ganyu sangathe. Tikawauza kuti "limbikirani", alimbikire ndi chiyani? Akalandira, amagula chimanga, sopo, makope, yotsalayo kabigiri ka usipa koti mdzukulu wamkulu ayanike. Ulesi wake ine sindikuuona.

Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo si ya aliyense wosauka ayi. Imalunjika mabanja osaukitsitsa omwe alibenso munthu wa mphamvu zogwirira ntchito, pafupifupi banja limodzi mwa 10 alionse: okalamba, olumala, odwala nthawi yaitali, ana olera anzawo.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi siyachilendo. Zakaat, ija ya 2.5 peresenti, si chifundo chomwe wolemera amachita akasangalala. Ndi gawo la wosauka lomwe lili m'chuma cha wolemera. Ndipo sinasiyidwe m'manja mwa munthu payekha: mwa magulu 8 oyenera kuilandira mulinso ogwira ntchito yoitolera. Apa zikuonetsa kuti kusamala ovutika ndi udindonso wa atsogoleri. Nthawi ya Umar ibn al-Khattab, Baitul Maal inkapereka thandizo ngakhale kwa makanda.

Komabe mnzanga uja sanalakwitse zonse. Thukuta la msodzi ndi lenileni, ndipo naye amakhoma msonkho akamagula mafuta a injini kapena mayunitsi. Ali ndi ufulu wofunsa komwe ndalama zikupita. Ngati polemba mayina palowa chibale, kapena wolandira akukathera nazo ku mowa, tisakhale chete. Koma bwato likamadontha timamata, sitiliwotcha.

Chomwe ndikuopa kwambiri n'china: kuti tiziti "boma liwathandiza" n'kusiya kugogoda pakhomo pa agogo aja. Ndalamayo ndi yochepa, mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo singafolere denga kapena kuperekeza wodwala kuchipatala cha Salima. Zimenezo ndi zathu achinyamatafe.

Nyanja imatiphunzitsa tsiku lililonse. Lero wapha mabigiri khumi, mawa wabwera chimanjamanja. Amene tikumutcha waulesi leroyu mwina dzana ankakoka nawo khoka. Ndipo mwera ukadzatenga mmodzi wa ife, tidzafuna kuti ana athu adzaonedwe motani?

Sabata ino aliyense ayendere khomo limodzi. Osajambula, osaponya pa Facebook.

Allah atipatse mitima yofewa ndi maso oona chilungamo. Ameen.