Kadimba ka kuseri kwa nyumba

Mnansi wanga anathira simenti bwalo lonse, kuyambira pageti mpaka kuseri kwa khitchini. Akuti matope ankamutopetsa, komanso masamba ngotchipa pamsika. Za mtengozo sindimutsutsa. Koma munthu woyerekeza kadimba ka pakhomo ndi mtengo wa mpukutu wa repu ndiye kuti sanadzukepo m'mamawa n'kupeza nthanga yomwe anakwirira sabata yatha itang'amba dothi.

Ine chaka ndimachiwerengera kuseri kwa nyumba. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Blantyre ndi nkhungu, mpiru ndi chayinizi zimasangalala, ndipo keni imodzi imakwanira bedi lonse. Okutobala ndi wouma mtima. Dothi limang'aluka, mpopi umatha tsiku osadontha, moti ngakhale madzi otsukira mpunga sungawataye chisawawa. Umaphimbira mabedi ndi udzu, umathirira dzuwa litapendeka, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa.

Komabe mtima wanga uli pa dzinja, chifukwa apa dimba limakupatsa zomwe sunabzale. Bonongwe amatulukira pomwe unathira zitosi za nkhuku, chisoso chimandanda m'mbali mwa mpanda, luni ndi denje nazo sizidikira kuitanidwa. Ambiri ophunzirafe timangoti ndi udzu, n'kupalira zonse, kenako n'kukagula kabichi. Zimandipweteka zimenezi. Mayi anga anandiphunzitsa kuzindikira bonongwe akadali ndi timasamba tiwiri, ndipo mpaka lero khasu limaima lokha ndikafika pamene wamera. Nzeru yotere siilowa m'mutu ndi choko. Mwana amaitola atanyonyomala pambali pa wamkulu, manja ali m'dothi. Pabwalo la simenti adzanyonyomala pati?

Nanga nkhwani! Umathyola nsonga zanthete mame asanaume, kusiya maluwa okwanira kuti maungu abereke, n'kukhala pakhonde kusadzula pang'onopang'ono nsinjiro zili pambali. Kuchoka pamtsitsi kufika mumphika sipatha ola.

Masika akafika, zotsala sizitayidwa. Nkhwani ndi chitambe timaziwiritsa pang'ono, kuziyanika pamphasa, n'kumanga chikwatu cha mfutso m'masamba a msuku. Nthanga za dzungu lomwe linatsekemera koposa ndimazisunga m'botolo la phulusa. Chikwatucho ndimadzachimasula mu Okutobala, kunja kutayera mbee, ndipo fungo la mumphika limafika mpaka kwa mnansi uja. Chaka chatha mwana wake anasuzumira pampanda kufunsa chomwe tikuphika, ndipo ndinamutapira nthanga zodzaza kadzanja kake.