Amene walephera kuba, timutche wokhulupirika?

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya masewera, koma musadutse msanga, funso lake likutikhudza tonse.

Pali masewera otchedwa Rummikub. Anawayambitsa ndi Ephraim Hertzano, Myuda wa ku Romania, m'zaka za m'ma 1940, pa nthawi imene boma la kumeneko linaletsa kusewera makadi. Mkuluyu anangosamutsa manambala a pamakadi n'kuwaika pa timatailosi. Atasamukira ku Israel, ankapanga masewerawa pamanja ndi banja lake n'kumagulitsa khomo ndi khomo. Mu 1980 masewerawa anapata mphoto ya Spiel des Jahres ku Germany. Lero abwereranso mwamphamvu pa foni, moti munthu amatha kusewera ndi anthu a kumaiko ena amene sadzawaonapo nkhope.

Kasewerede kake n'kotere. Timatailosi tilipo 106: manambala 1 mpaka 13, mitundu inayi, nambala iliyonse kawiri pa mtundu uliwonse, kuphatikiza majoka awiri. Aliyense amatola 14 n'kutiimika pakathabwa kake kuti anzake asaone. Umayala patebulo titatu kapena kuposa: manambala otsatizana a mtundu umodzi, ngati 4, 5, 6 ofiira, kapena nambala imodzi ya mitundu yosiyana. Poyala koyamba, manambala ako ayenera kukwana 30. Kenako umaloledwa kuphwasula zimene anzako ayala kuti ulowetse zako, bola pomaliza gulu lililonse likhale lolongosoka. Ukasokoneza n'kulephera kulongosola, umabweza zonse m'malo mwake n'kutola timatailosi ta chilango. Woyamba kumaliza take ndiye wapambana.

Tsono taonani mipata ya chinyengo patebulo. Ukhoza kusuzumira pakathabwa ka mnzako akatembenuka. Ukhoza kunena kuti zakwana 30 pamene ndi 28, podziwa kuti palibe akuwerenga. Pobweza zomwe waphwasula, ukhoza "kuiwala" n'kusiya kamodzi kako komweko. Masewera onse amadalira kuti munthu aliyense akudziletsa yekha.

Pa foni zonsezi kulibe. App imawerenga 30 yokha, gulu lolakwika imalikana, nthawi ikatha imabweza zonse mmene zinalili. Palibe kukangana, palibe wobera. Funso langa ndi ili: munthu amene wasewera chaka chonse pa foni osabera ngakhale kamodzi, kodi ndi wokhulupirika?

Ine ndikuti sitingadziwe. Mbuzi yomangirira pachingwe sitiyitama kuti siidya chimanga cha eni. Kukhulupirika kumaoneka pamene mpata wobera ulipo, palibe akukuona, koma dzanja walibweza wekha. Makina akachotsa mpatawo, kubako kwatha ndithu, koma mtima wa munthu uja sunayesedwe.

Wina anena kuti, nanga zili ndi ntchito yanji? Chachikulu n'chakuti palibe waberedwa basi. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sindiwapeputsa. Ife a kumsika timadziwa ubwino wa sikelo yoonetsa manambala ndi uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama zalowa. Zimateteza mwana wotumidwa ndi agogo osaona bwino. Wofooka safuna kudikira kuti wamphamvu asinthe mtima, amafuna chitetezo lero. Pamenepo makina ndi dalitso.

Koma pali chinanso chimene makina amachotsa limodzi ndi chinyengo: chifundo. Patebulo, agogo akachedwa kuganiza, palibe amayang'ana wotchi. Mwana akasokoneza poyala, amalume amamuthandiza kubweza n'kunena kuti chilangocho chisiyeni, akuphunzira. Mnzako akapendeketsa kathabwa mosadziwa, umamuuza kuti bisa, ndikuona. Pa foni nthawi ikatha yatha, kaya ndiwe mwana kaya nkhalamba. Ufulu womwe umalola munthu kubera ndi womwewonso umamulola kukhululuka. Ukatseka khomo limodzi, watseka onse awiri.

Ndipo khalidwe limakula ndi kuzolowera. Mwana amene wakulira pa masewera omwe makina amamuletsa chilichonse cholakwika, anaphunzira kuti chimene chatheka ndiye chololedwa. Nanga tsiku limene adzapatsidwe chenje chopitirira ndi wogulitsa wotopa? Palibe app idzamukanize. Padzafunika kamawu ka mumtima, ndipo kamawu kameneko kamaphunziridwa pa zinthu zazing'ono, ngati 28 uja amene ukanatha kumutcha 30.

Sindikunena kuti tifufute masewerawa m'mafoni, ayi. Pakati pa anthu osadziwana, woweruza wosakondera ndi wofunika, ndipo popanda iye mlendo wa ku Brazil ndi wa ku Korea sakanakhulupirirana n'komwe. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri: kutetezedwa ku chinyengo ndi kukhala munthu woona mtima. Choyambacho makina akhoza kutipatsa. Chachiwiricho chimafuna tebulo, mkeka kapena bawo pansi pa mtengo, pamene mnzako akhoza kukubera koma sakubera, iwenso n'kumudziwa kuti ndi munthu wotani.

Nanga inu a m'gulu mukuti bwanji? Mutapatsidwa mwayi wosankha, mungakonde kukhala pakati pa anthu amene sangathe kukuberani, kapena amene angathe koma safuna? Tiyeni tikambirane.