Mfundo zochokera ku ulusi wa mfundomfundo

M'minofu ya munthu muli puloteni yotchedwa titin, yaikulu kuposa ina iliyonse yodziwika, ya ma amino acid oposa 30,000. Ili ngati chingwe chimene wina anamanga timfundo mazanamazana. Asayansi akhala akuikoka ku labu ndi pa kompyuta kuti aone mmene imamasukira, ndipo pa mfundo zakezo ndatolapo mfundo zanga.

1. Kulolera si kuduka. Mu 1997 ku Munich, Matthias Rief ndi Hermann Gaub pamodzi ndi anzawo anagwira ulusi umodzi wa titin ndi nsonga ya maikulosikopu n'kuyamba kukoka. Ulusiwo sunathetheke. Mphamvu ikakwera, kamfundo kamodzi kankamasuka, ulusi n'kutalika ndi ma nanomita pafupifupi 25, mphamvu n'kutsika, kenaka kuyambiranso, moti chithunzi cha muyesowo chinkaoneka ngati mano a sowo. Atausiya, timfundo tinadzimanganso tokha. Ndimaganiza za mabanja amene pa mkangano aliyense amaumirira pake mpaka ubale kuduka, pomwe mmodzi akanangomasula mfundo imodzi yokha, yaing'ono, ena onse n'kupuma.

2. Maikulosikopu inangonena kukula kwa mphamvu, osati chimene chinkagwira. Mu 1998 Hui Lu ndi Klaus Schulten a ku yunivesite ya Illinois anamanga kamfundo ka titin kotchedwa I27 pa kompyuta, atomu ndi atomu, kali m'madzi, n'kumangirira mbali imodzi ndi kukoka inayo. Anapeza kuti pa ma amino acid 89 a kamfundoko, polimba penipeni ndi pomwe tizingwe tiwiri, A' ndi G, tagwirana ndi timalumikizo 6 ta haidrojeni. Kalumikizo kotere pakokha n'kofooka kwambiri. Koma chifukwa cha mmene tinayalidwira, timayenera kuduka tonse nthawi imodzi, ndipo tikaduka kamfundo konse kamangosololoka popanda kulimbanso. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma onaninso mbali inayo: pamudzi kapena pampingo amene asenza denga ndi anthu ochepa, nthawi zambiri osatchuka, ndipo timawadziwa tsiku lomwe atula.

3. Apa mpomwe ndimakonda kwambiri. Kompyuta imawerengera kayendedwe ka ma atomu m'tizidutswa ta nthawi tating'onoting'ono, choncho ofufuza oyambawo anakakamizika kukoka puloteni mofulumira kuposa ku labu ka miliyoni ndi kupitirira. Zotsatira zake, kompyuta inapereka mphamvu pafupifupi kakhumi kuposa ma piconewton 200 amene maikulosikopu inayeza. Malo oduka inalozera molondola, koma muyeso unali wokokomeza. Chinthu chimene ukuchikoka mwaphuma chimaoneka chouma kuposa mmene chilili, chifukwa sunachipatse mpata woti chimasuke mwa njira yake. Ndi ana angati tawatcha aliuma chifukwa tinkafuna asinthe lero lomwe? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ofufuzawo sanabise vutoli, ndipo panatenga mpaka 2013 kuti gulu lina ku Marseille likoke titin ndi maikulosikopu yothamanga pa liwiro loyandikira la pa kompyuta.

4. Mu 2000 Lu ndi Schulten anaonanso kuti timalumikizo tija sitiduka ndi kukoka kokha. Madzi ozungulira amalowerera n'kulanda malo a kalumikizo kamene kafooka. Chophwasula ubale nthawi zina ndi chinthu wamba chimene chinali pafupi masiku onse.

5. Funso lakuti "ndi wolimba bwanji?" ndi losakwanira. Mu 2003 gulu la Julio Fernandez linakoka puloteni ya ubiquitin pogwira kumapeto kwake konse kuwiri, ndipo inalimba mpaka ma piconewton pafupifupi 200. Ataigwira chapakati, inamasuka pa 85 basi. Puloteni yomweyo! Musamanyoze wina amene wagwa pa chimene inu simunagwe nacho, mwina munagwiridwa posiyana.

6. Kumasuka kwina ndi ntchito, osati ngozi. Mu 2009 gulu la Michael Sheetz linaonetsa kuti puloteni ya talin ikakokedwa imavundukula malo obisika omwe inzake, vinculin, imagwirapo n'kulimbitsa pamene selo yakakamira. Thandizo silifika talin isanatambasuke. M'magazi namonso muli puloteni ya von Willebrand, yothandiza kutseka bala. Magazi akathamanga amaikoka, chigawo chake cha A2 chimamasuka, ndipo puloteni ina yotchedwa ADAMTS13 imapeza podula kuti ulusiwo usatalike mopyola. Mwa anthu ena chigawocho chimamasuka msanga, ulusi umadulidwa kwambiri ndipo akavulala magazi amachedwa kusiya. Mwa ena wodulayo ndiye akusowa, ndipo magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono popanda bala lililonse.