Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa

Makolo ankatanthauza kuti wochokera kutali amabwera ndi nzeru imene eni mudzi alibe. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo anthu anawalandira. Komatu kalumo sikameta ngati mwini mutu sanalole.

Chimene chimandigwira mtima n'cha mu 1957. Cornelius Chitsulo anadzozedwa kukhala episkopi woyamba wachikuda m'dziko muno, woyang'anira Dedza. Boma lidakali m'manja mwa atsamunda, ansembe achizungu ku Bembeke ankamvera mawu ake, nadyera limodzi pa guwa ndi Angoni ndi Achewa. Kenako Bambo Claude Boucher a ku Canada anadzakhala pansi kuphunzira miyambo yathu, natsegula malo a zachikhalidwe otchedwa KuNgoni ku Mua mu 1976. Anthu anawapatsa mfunda wa Chisale.